Mawu a Kawayilesi M'mafoni a Eni

Kusikelo kunali anthu tsiku limenelo, mabenchi onse tho, amayi ena atangokhala pansi kutsamira khoma. Make Kawayilesi anasankha kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo, chifukwa pakati paja panali mwana wina amene ankatsokomola osatseka pakamwa. Khanda lake linali m'tulo pamiyendo. Iye maso anali pa kamalaya ka khandalo, kuona ngati kakukwera ndi kutsika. Kakakwera mtima unkakhala m'malo, kakachedwa pang'ono ankaligwedeza mpaka lichite tsinya. Anamwino anali atamuuza kangapo kuti mwana wogona sadzutsidwa, koma iye ankangovomera ndi mutu, mumtima akuti akunena za ana a eni.

Ndiye kumbuyo kwake kunamveka mawu a kamtsikana.

"Wakhozatu iwe."

Sanatembenuke. Anadziuza kuti ana amafanana mawu, ndipo sikanali koyamba makutu kumunamiza. Koma mawuwo anabweranso, ulendo uno akukoka mapeto monga ankachitira mwini wake akafuna kuseka munthu.

"Aaa, yesanso." Kenaka kuseka kuja, kotulukira m'mphuno.

Anali mwana wake woyamba, amene anamuika m'manda mvula ya chaka chatha.

Dzina loti Kawayilesi anamupatsa ndi eni nyumba imene ankachita lendi, ati chifukwa mwanayo akangotsegula maso m'mawa ankayamba kuulutsa nkhani mpaka dzuwa kulowa, ndipo batani lozimitsira panalibe. Bambo ake, amene anthu ankangowatchula kuti a Makompyuta, anali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta. Ntchito ikachepa ankatanganidwa ndi pulogalamu ina yophunzitsa ana zilembo ndi mayina a zinthu. Pafoni pankatuluka zithunzi, mawu n'kutchula chinthu, mwana n'kukhudza chithunzi chake. Anaikonza kuti izilankhula chinenero chawo, ndipo pofuna mawu sanapite patali. Anaphimba mipando iwiri ndi bulangete lokhuthala kuti phokoso la mumsewu lisalowe, n'kulowetsamo Kawayilesi ndi maikolofoni. Mwanayo ankafuna switi pa liwu lililonse lovuta, ndipo "wakhozatu iwe" uja anangopeka yekha. Bambo ake anali atamuuza kuti anene "wakhoza" basi.

Patapita miyezi yochepa kunabwera kutentha thupi kumene sikunamve mankhwala. Anthu a pamaliro atabalalika, make Kawayilesi anafufuta pulogalamuyo m'foni mwake, ndipo m'maganizo mwake nkhani inathera pomwepo.

Atatembenuka anaona mayi wina wathupi, wovala yunifolomu ya m'sitolo, kamwana kake kali pakati pa miyendo kakubaya foni ndi chala chamafuta.

"Pepani asisi," anatero make Kawayilesi. "Zimene akuseweretsa mwanazo munazipeza kuti?"

"Kwa a Dijeyi, oika nyimbo m'mafoni kumsika aja. Ine ndinapitira nyimbo za kwaya, iwo n'kungondiwonjezerapo izi. Zandithandizatu, uyu akagwira foni ndimapuma." Mayiyo anaseka. "Koma kamwana kolankhulaka ndiye kochenjera, ukalakwa kamachita kukuseka. Makolo ake ali ndi ntchito."

Make Kawayilesi anabereka khanda lake, n'kutuluka mwanayo asanakwere sikelo.

Kashopu ka mwamuna wake kanali ka chitseko chimodzi, kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mababu. Patebulo panali mafoni otsegulidwa mimba, tizomangira take tili m'zitsekerero za mabotolo, ndipo m'katimo munkanunkha utsi wa kachitsulo kowotcherera mawaya. Mwamunayo anali atawerama pansi pa nyale, diso limodzi atatsinzina.

"Kusikelo mwamaliza kale, amake?"

"Mwana wanga ali m'foni ya mayi wina."

Mwamunayo anaika kachitsuloko pa choikira chake pang'onopang'ono, ndipo sanafunse kuti mwana uti. Pomwepo mkaziyo anadziwa kuti nkhaniyi mnzakeyo ankaidziwa kale.

"Khalani pansi."

"Sindikhala. Munamumva kangati inu?"

"Amabwera nawo mafoni pano." Anapukuta manja pa thalauza ngakhale sanali akuda. "Ndimachepetsa voliyumu ndisanayatse."

"Ndiye kachotseni. Kumene munaika kuja, kachotseni lero lomwe."

"Pa tsamba langa la pa intaneti ndinachotsa sabata ya maliro yomwe ija."

"Nanga akulankhula bwanji kusikelo?"

Mwamunayo anayamba kufotokoza ndi mawu aja amene ankagwiritsa ntchito pouza munthu kuti foni yake siidzukanso. Pulogalamu ija sanaiyambe ndi iye. Anailemba ndi anthu akutali amene sanawaonepo, ndipo anaisiya poyera ndi laisensi, chilolezo chonena kuti aliyense atenge, akopere, agawire anzake, asinthe mmene akufunira, ngakhale kugulitsa kumene. Lamulo lake linali loti ukagawira mnzako umupatse ufulu womwewo umene iwe unapatsidwa, usamutsekere chitseko chimene iwe walowera.

"Ine ndinalowera pa chitseko chimenecho, amake. Popanda icho sindikanapanga kanthu. Ndiye potulutsa yangayo ndinayenera kusiya chitseko chili chotsegula."

"Mawu a mwana analinso a anthu akutaliwo?"

Mwamunayo anayang'ana tizomangira tija.

"Ayi. Mawuwo ndikanatha kuwasiya pambali ndi malamulo akeake. Koma ndinawamanga mumtolo womwewo, n'kulemba kuti zonse zili m'menemu zikuyenda ndi laisensi imodzi. Ndinkati pulogalamu yopanda mawu munthu apita nayo kuti. Ndipo laisensi imeneyi ukapereka sulanda. Amene anatenga, anatenga, ndipo ali ndi ufulu wopatsa wina."

"Mwana wanga si pulogalamu."

"Ndinakufunsanitu, amake. Munavomera. Bulangete lija munagwirizira ndinu."

"Munandifunsa ali moyo."

Pakhomo panasuzumira mkulu wina wa chipewa. "A Makompyuta, foni yanga ija yatsitsimuka?"

"Ikadali m'chipatala, achimwene. Bwerani mawa."

"Mawa lanu lija silifika. Moni amayi, mwana akukula?"

"Akukula," anayankha make Kawayilesi, n'kudutsa pambali pake kutuluka.

A Dijeyi ankakhala pansi pa ambulera yaikulu yothothoka utoto, pakona pamene msewu wa kumsika umakumana ndi wa mabasi. Anali mwamuna wa ndevu zometedwa mwaluso, kompyuta yake yokalamba ili pa kabokosi, zingwe zolumikizira mafoni zikulendewera ngati mizu, sipika ikugunda mpaka khanda linadzidzimuka kumsana. Make Kawayilesi analitseka khutu ndi dzanja.

"Amayi, za kwaya kapena zovina? Musachite manyazi, a kumpingo ndi amene amatenga zovina kwambiri."

"Ndikufunsa za pulogalamu ya ana ija. Yolankhula kamtsikana."

"Imeneyo ndiye ikuyenda moto. Mayi aliyense wobwera pano ndimamuikira. Ndinachita kudulako ka 'wakhozatu iwe' kaja n'kukasandutsa belu la mameseji, anyamata a m'mabasi akukakonda zedi. Tamverani."

Anadina, ndipo Kawayilesi analankhula mu sipika yaikuluyo, msika wonse kumva. Mayi wogulitsa masokosi chapafupi anabwereza mawuwo moseka. Make Kawayilesi anagwira mtengo wa ambulera.

"Anakulolani ndani?"

"Laisensi yake, amayi. A Makompyuta eni ake anandifotokozera: kopera, gawira, sintha, bola nawenso usamane mnzako. Kunena zoona, m'zinthu zonse zili mukompyutamu, ndi chokhachi chimene ndimaika mtima uli m'malo apolisi akamadutsa."

"Ine ndine mkazi wa a Makompyuta. Mwanayo ndi wanga. Anatisiya chaka chatha."

A Dijeyi anazimitsa sipika. Phokoso la msika linabwerera, mahutala ndi oitanira malonda.

"Pepani mayi. Sindinadziwe. Munthu uja sananene kanthu." Anatembenuza kompyuta kuti aone, n'kufufuta pulogalamu ija ndi belu lomwe. "Kwa ine zatha. Koma ndisakunamizeni. Mnzanga wa kudepoti ali nayo, ndinamupatsa ndine. Aphunzitsi a sukulu za mkaka ali nayo. Ndipo amayi amangotumizirana okhaokha, foni ndi foni, osadzera kwa ife. Paja amati madzi akatayika..."

"Musamalize."

Sanamalize.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munalowa chete. Mkazi ankaika chakudya patebulo, mwamuna ankadya, mbale zinkatsukidwa. Make Kawayilesi anasiya kupita kumsika nthawi ya anthu ambiri. Tsiku lina ali m'basi, foni ya kondakitala inalira "wakhozatu iwe" pamene mkulu wina ankavutika kutseka chitseko, basi yonse n'kufa nazo kuseka. Iye anatsika malo osakhala ake, n'kuyenda wapansi mtunda wonsewo dzuwa likuswa mtengo, ambulera ataphimba khanda lokha. Chimene chinkamuwawa kwambiri sanathe kuchifotokozera munthu. Iye pamaliro anamusambitsa yekha mwanayo, anamuveka diresi limene ankalikonda, anaonetsetsa kuti wagona bwino. Tsopano mwana yemweyo anali m'matumba a anthu osadziwika, pamodzi ndi makiyi ndi zikwama, akuitanidwa ndi chala cha aliyense, m'mabala ndi m'zimbudzi momwe, osatha kukana.

Mwamuna wake ndiye anathyola chete uja, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato.

"Kulanda sindingathe, amake. Chimene ndingathe ndi kuphimba."

Mkaziyo anasiya kupukuta kapu.

"Ndikapanga yatsopano yoposa yakale, yokhala ndi manambala, mitundu ya zinthu, timasewera tambiri, anthu adzaifuna okha. Ndipo munthu akaika yatsopano, imakhala pamalo pa yakale. Mawu akale amachoka. Sadzachoka m'mafoni onse, koma ambiri."

"Mawu ake a ndani?"

"Mwana wa ometa tsitsi aja amalankhula bwino."

"Mwana wa mwini ayi. Mayi wina asadzamve zimene ndinamva ine."

"Ndiye a ndani?"

"Anga."

Mwamunayo anatenga masabata angapo akukonza zithunzi ndi timasewera. Atamaliza anasankha masana a tsiku lopuma, anthu a nyumba zoyandikana atapita kokacheza. Anakoka mipando iwiri yomwe ija, bulangete lomwe lija. Munthu wamkulu sankakwanamo bwino, ndiye make Kawayilesi anakhala pansi atapinda miyendo, mutu ukukhudza bulangete. Khanda analigoneka pabedi poonekera, ndipo kangapo konse ankatukula ngodya ya bulangete kuti alisuzumire.

Vuto linali loti liwu lililonse linali ndi mpata wake. Chithunzi chimaoneka, liwu limanenedwa, chithunzi chimagwedezeka, ndipo mipata yonseyo mwamunayo anaidula kalekale motsatira kalankhulidwe ka Kawayilesi. Kuti aidulenso yonse inali ntchito ya miyezi. Ndiye anavala timahedifoni kuti azimvera yekha mawu akale, n'kumakweza chala poyambira ndi kutsitsa pothera.

"Mbuzi," anatero mkaziyo.

"Mwafulumira. Iye ankakoka."

"Mbuuzi."

"Mwapitirira."

Anayesa supuni, anayesa nsapato, anayesa galimoto. Palibe limene linakwana. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Mapeto ake anatulutsa dzanja kunja kwa bulangete.

"Ndipatseni kahedifoni kamodzi."

"Amake."

"Ndipatseni, tithane nazo."

Anakaika m'khutu. Kawayilesi anati "mbuzi," pafupi kwambiri, ngati wagona naye pilo imodzi. Mayi ake anabwereza pambuyo pake, ndipo liwulo linakwana ndendende.

Anapitiriza choncho, mwana patsogolo, mayi pambuyo. Munali zinthu m'menemo zimene anali ataiwala. Mwanayo ankameza malovu asananene liwu lalitali. Pa "wotchi" ankamveka kuti switi ili m'tsaya. Pa "tebulo" panamveka chapatali mawu a mkazi wina wosangalala akuti, "Iwe, usadye maikolofoni," ndipo panatenga kanthawi kuti azindikire kuti mkaziyo anali iye mwini. Akanena liwu n'kukwana, mwamuna wake ankadina, latsopano n'kukhala pamalo pa lakale, n'kupita ku lina. Sanalire. Ankangoona kuti liwu lililonse limene walikhoza, mwana wake akulinena komaliza m'nyumba muno.

Anafika pa "yesanso."

"Apa pali mpata wa kuseka," anatero mwamunayo kunja kwa bulangete, mawu ali pansi.

Anayesa. Chimene chinatuluka chinali ngati chifuwa. Anayesanso, n'kupukusa mutu ngakhale mnzakeyo sankamuona.

"Pasiyeni choncho," anatero mkaziyo.

Mpatawo unatsala wopanda kanthu.

Atatuluka m'bulangetemo miyendo itachita dzanzi, mwamuna wake sanamuyang'ane kumaso.

"Ndikufunseni bwinobwino ulendo uno. Mawu anuwa nawonso akatuluka, atuluka. Wina adzawadula, wina adzawagulitsa. Ndikhoza kuwatsekera, koma ndikatero a Dijeyi sangakopere, amayi sangatumizirane, ndipo yakale ija izingoyendabe yokha."

"Atseguleni. Ine ndine wamkulu." Anatenga khanda, n'kuima kumbuyo kwa mpando wa mwamunayo. "Tsopano fufutani akalewo."

"Ndisunge pa fulashi imodzi yokha. Ndiitsekera m'sutikesi."

"Ndimakudziwani. Tsiku lina kudzabwera munthu wodandaula kuti mwana wake amakonda yakale, inu mudzamva chisoni. Manja anu satseka."

Mwamunayo anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Anadina, n'kutuluka kupita pampopi, kumene anakasamba m'manja mpaka eni nyumba anafunsa pawindo ngati madziwo akulipira yekha.

Yatsopano ija inayenda. A Dijeyi anaitenga tsiku lomwelo, n'kuipereka kwa mnzawo wa kudepoti, ndipo aliyense wobwera ndi foni ankamuikira asanapemphe. Make Kawayilesi naye anaisandutsa ntchito yake. Munthu amene ankaopa khamu uja tsopano ankalowa pakati pa mabenchi, pamzere wa kuchipatala, pageti la sukulu ya mkaka, khutu lili tcheru. Akangomva kuseka kuja ankapita molunjika.

"Asisi, imeneyo ndi yakale. Kwabwera yatsopano, ili ndi manambala ndi mitundu. Bweretsani ndikuikireni, sizichedwa."

Ambiri ankapereka foni mosangalala. Ena anayamba kumutchula kuti amayi a pulogalamu. Palibe amene anazindikira kuti mawu atsopanowo ndi ake, chifukwa pamaso pa anthu ankalankhula mofulumira ndi motsitsa. Akabweza foni ankapukuta dzanja pa siketi, n'kupita kukafuna ina.

Pofika nyengo yozizira, kuseka kuja kunayamba kusowa. Akamadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba ankamva mawu ake omwe akutuluka m'mawindo, "wakhozatu iwe," ouma ngati thabwa, ndipo pambuyo pa "yesanso" pankakhala kachete kaja. Mabelu a anyamata a m'mabasi anasintha, kunabwera nyimbo zina. Anapeza zimene ankafuna. Komabe khutu silinaleke kutchera. Akaona mwana atagwira foni ankachepetsa liwiro, n'kudikira kuti alakwitse. Poyamba ankadziuza kuti akulondera. Kenaka panadutsa nthawi yaitali osapeza ngakhale imodzi, ndipo anaona kuti akubwerera kunyumba atatopa kuposa masiku amene ankazipeza. Zimenezi sanamuuze mwamuna wake. Mwamunayo naye anali ataleka kukhudza pulogalamu iliyonse, ankangosintha magalasi a mafoni ndi mabatire, akaweruka n'kukhala pakhonde.

Mvula itayambanso, tsiku lina inamupeza kudera limene sankapitapita, akuchokera kogula mankhwala a chimfine cha khanda. Anathawira pakhonde la kashopu ka telala. M'katimo mayi wina wa magalasi ankapalasa makina, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa.

"Lowani, mwana anganyowe," anatero telalayo osatsegula bwino milomo. "Sunthani nsaluzo mukhale."

Anakhala pa kabenchi, n'kumasula khanda kuti aligwire pamphumi. Makina anaima kuti telala adule ulusi, ndipo m'kachete kameneko, pansi pa tebulo lodulira, panamveka:

"Wakhozatu iwe."

Pansipo, pakati pa zidutswa za nsalu, panali kamtsikana ka tsitsi losapesa, katagona chafufumimba, foni ya galasi losweka ili kutsogolo kwake.

Pakamwa pa make Kawayilesi panayamba pokha, monga panazolowera. "Asisi, imeneyo ndi yakale. Kwabwera yatsopano, ili ndi manambala ndi mitundu."

Telala analavulira mapini m'dzanja. "Tinaiyesa pa foni ya bambo ake. Uyu anaikana. Ndipo sindimunena, mayi wa m'menemoyo amalankhula ngati akuitana mayina a odwala. Ukalakwa amangoti yesanso, kenaka zii, ngati wakwiya nawe." Anaseka, n'kuwerama kusuzumira pansi pa tebulo. "Koma manambalawo akufunika, chaka chamawa akuyamba sukulu. Iwe, bweretsa foni, azakhali akuikire zatsopano."

"Ayi. Muli mnzanga."

"Mnzako wa chiyani, bweretsa kuno. Uzolowera."

Telala anailanda n'kuipereka. Kamtsikanako sikanalire, kanangotuluka n'kuima pafupi, kakuyang'ana manja a mlendoyo.

Foniyo inali yofunda chifukwa cha manja a mwana. Ngodya ina inali yomatidwa ndi selotepi. Make Kawayilesi anatulutsa yake, n'kutsegula potumizira, monga anachitira ndi mafoni ena onse aja. Zinangotsala kudina. Pagalasi losweka paja panali zithunzi zitatu zikudikira, wotchi, nsapato ndi tebulo.

"Wotchi," anatero Kawayilesi, switi ili m'tsaya.

Chala cha mayi ake chinapita pa nsapato.

"Aaa, yesanso." Ndi kuseka kuja.

"Simudziwa wotchi?" kanafunsa kamtsikana kaja modabwa. "Ndi iyi."

"Ndaiona, mwanangu."

Anakhala choncho, mvula ikulira padenga la malata. M'nyumba mwake munalibenso mawu amenewa. Kwa a Dijeyi kunalibe. Kwina kulikonse kumene ankadziwa anali atafufuta yekha ndi chala chomwechi. Mwina analipo m'mafoni ena kutali, m'matauni amene sadzafikako, koma amene iye akanatha kuwafikira anali awa, m'foni ya mwini yomatidwa ndi selotepi.

Anatseka potumizira paja.

"Foni yanu yadzaza, asisi. Sizikulowa."

"Ndinadziwa. Ndi zithunzi za masitayelo, makasitomala amatumiza usiku ndi usana, ndipo ukafufuta chimodzi mawa lake mwini wake wabwera." Telala anabweza foni kwa mwana, amene anailandira ndi manja awiri n'kubwerera pansi pa tebulo. "Kapena yakaleyi mwaikonda? Ndikutumizireni, amati kugawana n'kololedwa."

Make Kawayilesi anayang'ana foni yake. Anaganiza za mwamuna wake pampopi paja. Anaganizanso za iye mwini, chifukwa ankadzidziwa: atakhala nayo m'nyumba akanalowa nayo m'bulangete osatulukanso, khanda likulira pabedi.

"Ayi, yanganso yadzaza." Anabereka mwana. "Kodi mumasokanso zong'ambika?"

"Chilichonse. Bweretsani tsiku lililonse, ndimakhala pompano. Uyunso amakhala pompano, wosiyira ndilibe."

Mvula inali isanakate bwino pamene anatuluka. M'njira monse ankawerengera zimene zikanatha kuchitika. Foni ija ikhoza kugwera m'madzi. Batire likhoza kutupa, n'kupita nayo kwa wokonza amene amayamba ndi kufufuta zonse. Kapena telala adzapita kukaikitsa nyimbo, ndipo woika nyimboyo, mwa ufulu wake ndi mtima wake wabwino, adzamuikira yatsopano asanapemphe. Panalibe chimene iye akanaletsa. Ufulu wosunga unali wa telala, wopereka unali wa aliyense, ndipo yatsopanoyo anaiyendetsa yekha mpaka inafika paliponse.

Atafika kunyumba anagoneka khanda n'kutsegula sutikesi ya zovala. Anatulutsa chimodzichimodzi, kuyang'ana m'khwapa, m'matumba, m'mabatani. Panalibe chong'ambika. Miyezi ya pambuyo pa maliro, pamene sankatuluka m'nyumba, anali atasoka chilichonse chimene chinali ndi kabowo.

Anatenga siketi yake yabuluu, n'kukhala pamphepete pa bedi. Anapeza lezala m'kabokosi ka singano, n'kuyamba kudula ulusi wa mpendero, mfundo imodzi, kenaka ina, mosamala kuti nsalu isaonongeke.